Nyale zowala kwambiri pa galimoto: zomwe lamulo likufuna ndi ngozi zake

LILONGWE – Madalaivala omwe amayenda usiku kuchokera ku Old Town kupita ku City Centre, kapena m'misewu yolowera ku Area 10, 12 ndi 43, akulidziwa bwino vuto la nyale zoyera mbee zomwe zimathobwa m'maso ngakhale mwini galimotoyo atatchera dimu.

Zambiri mwa nyalezi sizinabwere ndi galimotozo. Eni ake amagula mababu a LED kapena a xenon m'mashopu a masipeya, monga a mumsewu wa Malangalanga, ndi kuuza makaniko kuti achotse mababu a halogen omwe anaikidwa ku fakitale. Ena amawonjezera mzere wa nyale za LED pa bampala kapena padenga. Chifukwa chomwe amapereka n'chomveka: misewu yambiri ya m'maeriya imakhala ya mdima, m'mphepete mwake mumayenda anthu apansi ndi akabaza opanda chowala chilichonse, ndipo m'nyengo ya mvula maenje saoneka msanga.

Vuto lagona pa kapangidwe ka nyale. Nyale ya galimoto si babu lokha ayi, koma babu, chonyezimira cha mkati ndi galasi la kunja, ndipo zitatuzi zinayezedwa kuti zizigwira ntchito pamodzi. Mu babu la halogen kuwala kumachokera pa kawaya kakang'ono komwe kali pa malo enieni amene chonyezimira chinapangidwira. N'chifukwa chake dimu imaunika pansi, imakhala ndi malire ooneka bwino kumwamba kwake, ndipo imapendekera kumanzere, mbali yomwe galimoto zimayenda m'dziko muno ngakhalenso ku Japan komwe zambiri zimachokera. Babu la mtundu wina likalowetsedwa m'nyale yomweyo, gwero la kuwala limasuntha, malire aja amasokonekera ndipo kuwala kumamwazikira m'maso mwa wobwera kutsogolo.

Kuchuluka kwa kuwalako nakonso kumasiyana. Babu la halogen la mtundu wa H7 limatulutsa ma lumen pafupifupi 1,500 pomwe la xenon la mawati 35 limafika pa 3,200. Chodabwitsa n'chakuti mwini galimoto naye sapindula monga momwe amaganizira: kuwala kochuluka kumagwera pafupi ndi bampala, maso ake amazolowera kuwalako, ndipo patali, pomwe pali woyenda pansi, pamaoneka mdima woposa kale.

Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Dalaivala wothobwedwa m'maso kwa masekondi atatu amakhala atayenda mamita 50 asakuona kutsogolo. Pa mlatho wa Lilongwe kapena m'misewu yozungulira msika ndi depoti ya mabasi, pomwe anthu amawoloka paliponse, mtunda umenewu ndi wokwanira kuphetsa munthu. Okalamba ndi omwe ali ndi vuto la ng'ala ndiwo amachedwa kwambiri kuyambiranso kuona.

Lamulo loyendetsera za pamsewu la Road Traffic Act linakhazikitsidwa m'chaka cha 1997, zaka khumi galimoto yoyamba yokhala ndi nyale zakutsogolo za LED, Lexus LS 600h, isanatuluke mu 2007. Komatu izi sizikupereka danga kwa aliyense kuika nyale yomwe wafuna. Lamuloli limaletsa kuyendetsa pamsewu galimoto yomwe si yoyenera kuyenda, ndipo nyale ndi zina mwa zinthu zomwe zimayezedwa chiphaso cha COF chisanaperekedwe pansi pa nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS. Chomwe chimaonedwa ndi momwe nyaleyo ikuunikira, osati dzina lomwe lalembedwa pa bokosi la babu. Apolisi a pamsewu ali ndi mphamvu yoimitsa galimoto ndi kuiyendera, ndipo chiphaso cha COF sichingateteze munthu yemwe wasintha nyale atachilandira kale. Ngozi ikachitika munthu n'kumwalira, dalaivala angathe kuzengedwa mlandu wopha munthu kaamba koyendetsa galimoto mosasamala, malinga ndi gawo 126 la lamuloli.

Pali kusiyana pakati pa galimoto yomwe inabwera ndi nyale za xenon kapena LED kuchokera ku fakitale ndi yomwe yangosinthidwa mababu. Malamulo a bungwe la United Nations okhudza kapangidwe ka galimoto, omwe maziko ake ndi pangano la mu 1958 lomwe dziko la Japan linalowamo mu 1998 ndipo la South Africa mu 2001, amafuna kuti nyale ya dimu yopitirira ma lumen 2,000 ikhale ndi chipangizo chotsukira galasi lake. Nyale zoterezi zimabweranso ndi chipangizo chowerimitsa kuwala chokha galimoto ikalemedwa kumbuyo. Babu logula pa shopu silibwera ndi zimenezi. Ku Britain, kuyambira mu Januwale 2021, galimoto zambiri zomwe nyale zake za halogen zaikidwa mababu a LED zimalephera mayeso a chaka ndi chaka a MOT.

Mtundu wa kuwala ndi nkhani inanso. Mababu ena otchipa amawala mobiriwira ngati nyale za galimoto za apolisi, ndipo kuwala kotere kumavutitsa maso kwambiri pamsewu wonyowa. Mzere wa nyale wa padenga ulibe dimu, kotero malo ake ndi kumunda kapena kutchire, osati mumsewu.

Ngozi ina ndi ya moto. Babu la xenon limafuna mphamvu yoposa mavoti 20,000 poyaka, ndipo mawaya olumikizidwa mwachidule, opanda fyuzi yoyenera, amatentha. Eni galimoto ayeneranso kuwerenga mapepala awo a inshuwalansi, popeza makampani ambiri amafuna kudziwitsidwa galimoto ikasinthidwa zipangizo.

Kwa akuluakulu oyang'anira galimoto za MG ku Capital Hill ndi m'maofesi ena, nkhaniyi ikuwakhudza mwachindunji, chifukwa galimoto ya boma ikachititsa ngozi chipukuta misozi chimachokera ku misonkho ya anthu. Kawirikawiri nyale yomwe dalaivala akudandaula kuti siikuunika imakhala ndi galasi lomwe lachita chikasu ndi dzuwa, kapena inapendekeka kaamba ka mabampu. Kupukuta galasilo ndi kuika babu latsopano la nambala yomwe inalembedwa m'buku la galimotoyo kumabweza kuwala kwambiri. Pa nyale zambiri pamalembedwa 1.0% kapena 1.2%, kutanthauza kuti galimoto ikaimikidwa pamalo osalala mamita 10 kuchokera pa khoma, malire a dimu ayenera kugwera masentimita 10 kapena 12 pansi pa msinkhu wa nyaleyo.