Barney Rachabane, mnyamata wa chitoliro yemwe anakalamba ndi saksofoni

Ukachoka m'tauni ya Rustenburg kulowera kumpoto, umadutsa migodi ya platinum, milu ya dothi ndi makomboni a anthu ogwira ntchito pansi pa nthaka, kenako umatulukira pa Sun City. Malo achisangalalowa anawatsegula Sol Kerzner mu 1979, m'dera la Bophuthatswana limene boma la tsankho linkati ndi dziko loima palokha, ngakhale panalibe dziko lina lovomereza bodzalo. Frank Sinatra anaimbapo mu 1981, gulu la Queen mu 1984, onsewo ponyozera pempho la United Nations loti oimba akunja asapondeko ku South Africa. Dzina la Sun City linanunkha, mpaka mu 1985 oimba ambiri ku America anajambula nyimbo yolumbira kuti sadzaimbako.

Mkangano umenewu ndi umene unadzagwera mutu woliza saksofoni wina wa ku Alexandra, Barney Rachabane, munthu amene ankangofuna ntchito yoti ana adye.

Rachabane anabadwa mu 1946. Alexandra wa nthawi imeneyo anali komboni yothithikana, yopanda magetsi, koma yodzaza nyimbo. Ana ankagula chitoliro chachitsulo chotchipa n'kumaimba kwela m'mphepete mwa misewu ya Johannesburg, odutsa n'kumawaponyera timakobidi, apolisi n'kumawathamangitsa. Barney anali mmodzi wa ana amenewa. Kwa Mmalawi kwela si mlendo. Matchona obwera ku Joni ndi ku Halale anabwera nayo kuno pa mbale za galamafoni, ndipo Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaiphika mwakwathu mpaka inakafika ku Ulaya. Choncho amene anakula akumva Kachamba pa wailesi ya MBC akamva Rachabane akuliza, khutu limazindikira mbale wake.

Chitoliro chili ndi mabowo asanu n'limodzi basi, ndipo mnyamata waluso sachedwa kuchipitirira. Spokes Mashiyane, mfumu ya kwela, anali atatenga kale saksofoni cha m'ma 1958, ndipo achinyamata anamutsata. Rachabane anasankha ya alto, ya mawu okwera ngati a mayi woyambitsa nyimbo pamaliro. Anaphunzira pomvera mbale za Charlie Parker ndi poonerera akuluakulu monga Kippie Moeketsi. Mu 1963, ali ndi zaka 17 zokha, anakhala pamzere umodzi ndi Moeketsi yemweyo komanso Dudu Pukwana mu Castle Lager Big Band ya Chris McGregor, pojambula chimbale cha Jazz: The African Sound. Mwana wa dzulodzulo pakati pa madolo, ndipo sanachite manyazi.

Chaka chotsatira McGregor ndi Pukwana anathawira ku Ulaya ndi gulu lawo la Blue Notes. Hugh Masekela ndi Miriam Makeba anali atapita kale. Rachabane anatsala. Mbiri ya jazi ya ku South Africa imakonda kutamanda opita kunja, ndipo m'pomveka, koma otsalawo ndiwo anasenza mtolo wolemera: chitupa m'thumba nthawi zonse, malo oimbirako akutsekedwa, lamulo likuletsa oyera ndi akuda kuimba pamodzi. Iye anaimbako ku Cape Town ndi gulu la Jazz Disciples, ndipo kwa zaka zambiri ankadya za m'studio, kulizira aliyense womuitana, lero mbaqanga, mawa jazi weniweni.

Ndi ganyu wa m'studio ngati ameneyu amene anasintha moyo wake. Paul Simon, woimba wa ku America, atamva kaseti ya nyimbo za m'makomboni, anafika ku Johannesburg mu February 1985 kudzajambula ndi oimba akumeneko. Pa chimbale cha Graceland, chomwe chinatuluka mu 1986, Rachabane analiza nawo mu nyimbo ya Gumboots pamodzi ndi Mike Makhalemele ndi Teaspoon Ndela. Mawu akuti gumboots ndi majombo aja ovala mumgodi, omwe amuna a m'makomboni a migodi anawasandutsa ng'oma powamenya ndi manja. Simon atadzudzulidwa kuti waphwanya pempho la United Nations lija, anadziteteza kuti iye anakana kale kukaimba ku Sun City ndiponso kuti oimba akudawo anawalipira bwino. Otsutsa sanamve zimenezo, ankati lamulo ndi lamulo. Mbali zonse zinali ndi mfundo, koma n'zovuta kuona phindu limene kumenyera ufulu kukanapeza pomutsekera Rachabane khomo limene tsankho linali litamutsekera kale zaka makumi awiri.

Gulu la Graceland linaimba pa bwalo la Rufaro ku Harare mu February 1987, Masekela ndi Makeba ali pomwepo. Wotsogolera zoimbira anali Ray Phiri wa gulu la Stimela, mwana wa Mmalawi amene anapita ku Joni kukasaka ntchito. Phiri pa gitala, Rachabane pa saksofoni ndi chitoliro, anazungulira dziko lapansi, ndipo mu August 1991 anaimbira chinamtindi cha anthu ku Central Park mu New York. Rachabane anayenda ndi Simon kwa zaka zingapo.

Pakatipo sanaiwale zake. Anatulutsa zimbale Blow Barney Blow ndi Barney's Way, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayambitsa Afro Cool Concept pamodzi ndi Darius Brubeck, Victor Ntoni ndi Lulu Gontsana. Apa ndi pamene luso lake limamveka bwino: amathamanga ngati Parker, kenako mwadzidzidzi n'kutsikira ku kanyimbo kosavuta ka pamsewu, koti mwana angakaimbe mluzu.

Anamwalira pa 13 November 2021 ali ndi zaka 75. Mwana wake Octavia ndi woimba, ndipo mdzukulu wake Oscar amaliza saksofoni.