Kuwotcha mtembo popanda mwambo wa maliro kwafala ku Britain

Woyimba David Bowie atamwalira ku New York mu Januwale 2016, thupi lake linawotchedwa popanda mwambo wa maliro, monga mwini wake anafunira. Ambiri anadabwa nazo. Lero kwawo ku Britain njira imeneyi, yomwe amaitcha direct cremation, siyachilendonso. Lipoti la kampani ya inshuwalansi ya SunLife linasonyeza kuti mu 2019 maliro atatu okha mwa 100 alionse ankachitika motere, koma pofika 2023 anali 20. Mliri wa Covid-19 unathandizira, chifukwa panali nthawi imene boma linkalola anthu osapitirira 30 pamaliro ku England. Chinanso ndi ndalama: mu 2023 kuwotcha kopanda mwambo kunkadya pafupifupi mapaundi 1,500, pamene maliro wamba ankapitirira mapaundi 4,000.

Ogwira ntchito kukampani ya maliro amatenga mtembo kuchipatala kapena kunyumba, amauika m'bokosi wamba, n'kuupititsa kung'anjo pa tsiku limene iwo asankha, kawirikawiri m'mamawa. Palibe wachibale, palibe kwaya, palibe m'busa. Izi zisanachitike, madokotala ayenera kutsimikizira chimene chapha munthuyo, popeza mtembo ukawotchedwa sungafukulidwenso kuti aupime. Ku England ndi Wales, kuyambira Seputembala 2024, imfa iliyonse imene siikufufuzidwa kubwalo imaunikidwa ndi dokotala wina amene sankamusamalira wodwalayo.

Chimodzi mwa zinthu zimene sasiya m'thupi ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda. Batire lake limaphulika likatentha, ndipo lingavulaze wogwira ntchito kapena kuwononga ng'anjo.

Moto wa m'ng'anjomo umafika madigiri pakati pa 800 ndi 1,000. Thupi la munthu mbali yaikulu ndi madzi, choncho madziwo amayamba auma, kenako mafuta ndi minofu zimapsa n'kusanduka mpweya. Mpweyawo umalowa m'chipinda chachiwiri momwe umapsanso kuti utsi ndi fungo zisatuluke panja, ndipo malo ambiri ali ndi zosefera zogwira mercury wochokera m'mano omatidwa. Pakatha ola ndi theka kapena maola awiri, chotsala ndi mafupa ouma, ophwanyika mosavuta. Chimene timati phulusa kwenikweni ndi mafupa amenewa, ataperedwa pamakina mpaka kuoneka ngati mchenga wotuwa. Kwa munthu wamkulu amalemera makilogalamu awiri kapena atatu. Zitsulo zimene madokotala anaika m'chiuno kapena m'bondo sizipsa, ndiye amazichotsa asanapere. Tizilombo ta matenda sitipulumuka pamoto wotere, choncho phulusa silingapatse munthu matenda.

Za motozo n'zosavuta kufotokoza. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi anamfedwa. Maliro amagwira ntchito m'mitima ya otsala: kuona nkhope komaliza, kulira pamodzi, kumva anthu akunena zabwino za malemu, zonsezi zimathandiza munthu kuvomereza kuti wake wapitadi. Kodi ukachotsa zimenezi, chisoni sichikhalitsa? Bungwe la WHO limazindikira matenda a chisoni chosatha, pamene munthu amalephera kubwerera ku moyo wake patapita miyezi yoposa isanu ndi umodzi, ndiye funsoli silachibwana.

Kafukufuku wina wa ku Britain wofalitsidwa mu 2020, momwe munali akatswiri a ku University of Bath, sanapeze kuti kukula kapena kuchepa kwa mwambo kumasintha kwambiri mmene chisoni chimayendera. Ine ndimamva motere: anthu amene anasankha okha njirayi amakhala ndi mtendere, ndipo ambiri amadzasonkhana pambuyo pake, phulusa lili pakati pawo. Amene ndimawadera nkhawa ndi ana amene amangomva kuti mayi awo analipiratu kampani mwakachetechete poopa kuvutitsa banja, ndipo galimoto yanyamula kale mtembo iwo asanafike. Mayiyo anachita mwachikondi, koma analanda ana ake mpata wotsanzika.

Amalawi okhala ku Britain nkhaniyi imawapeza mwanjira ina. Kutumiza mtembo kumudzi pandege kumafuna mapaundi zikwi zingapo, ndipo anthu amasonkherana masabata. Phulusa munthu anganyamule m'chikwama, ali ndi chikalata cha imfa ndi chikalata cha kung'anjo. Komatu chipembedzo chili ndi mawu. Chisilamu sichilola kuwotcha mtembo. Mpingo wa Katolika unalola mu 1963, ndipo mu 2016 unalamula kuti phulusa lisungidwe pamalo opatulika monga manda, osati kumwazidwa kapena kusungidwa m'nyumba. Ndipo kumudzi, amalume akamva kuti mwana wa mlongo wawo akubwera m'kabokosi kakang'ono, adzafuna kudziwa amene anavomereza zimenezo, komanso ngati adzukulu akumbe manda.