MAKOMPYUTA AKALEKA KULANKHULANA

Munthu wa m'mudzi akakhala ndi mau opita kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, sangodzuka ndi kukagogoda kunyumba yacifumu. Ayamba wauza mfumu ya mudzi wace. Iyo ipereka mauwo kwa mfumu yaikuru ya dera, monga Kawaza kapena Mbang'ombe, ndipo pomwepo afika kwa Kalonga. Mau akasowa panjira, anthu anzeru afunsa khomo ndi khomo kufikira atapeza pamene anaima.

Mau a kompyuta ayendanso motero. Kucokera m'caka ca 2014 phunziro la kompyuta lili m'masukulu a Zambia, ndipo masukulu ena ali ndi cipinda cace ca makinawa. M'cipindamo kompyuta iliyonse ili ndi cingwe copita ku kabokosi kochedwa switch. Switch ipereka mau ku kabokosi kena kochedwa router, ndipo router iwatumiza ku nsanja ya lamya. Kucokera pa nsanja mau apita kutali. Tsiku lina, pakati pa phunziro, intaneti ingoduka mwadzidzidzi. Ophunzira ena ayamba kudinadina paliponse, ena azula zingwe, ndipo cosokonekera cimodzi cisanduka zitatu. Kuthamanga sikufika. Wanzeru ayamba pafupi, napita kutali pang'onopang'ono.

Coyamba awerenga makompyuta amene aleka kulankhula. Ikakhala imodzi yokha, colakwa cili pa iyo kapena pa cingwe cace. Akakhala onse pamodzi, colakwa cili pa cinthu cimene onse adalira, ndico switch, router kapena njira ya kunja.

Caciwiri ayang'ana magetsi. Kompyuta ya m'manja ili ndi batire lace, kotero ikhalabe yoyaka magetsi atazima, pamene timabokosi tija tafa kale. Tiunikiro tating'ono ta pa switch ndi pa router ndito tinena zoona: tonse tikazima, magetsi safika. M'caka ca 2024, cifukwa ca cilala, madzi anacepa m'damu la Kariba, ndipo ZESCO inazimitsa magetsi maola ambiri tsiku ndi tsiku. Sukulu yodalira magetsi a dzuwa iyang'ane mabatire ace, makamaka masiku a mitambo.

Cacitatu ndico zingwe. M'kati mwa cingwe cimodzi muli timawaya 8 topotana tiwiritiwiri, ndipo kamodzi kakaduka mau angathe kuleka kuyenda. Makoswe atafuna zingwe, miyendo ya mipando izipsinja, ndipo phazi la wophunzira lingazule mutu wa cingwe iye wosadziwa. Mutu ukalowa bwino umveka kuti "thi", ndipo kaunikiro ka pa dzenje lace kayaka. Cingwe cokayikitsa aciyesa pocisintha ndi cina cimene adziwa kuti cigwira nchito. Cingwe cotere cisapitirire mamita 100 m'litali, pakuti kupyola apo mau afooka.

Cacinai ndiyo router. Nthawi zina isokonezeka yokha ngakhale magetsi alipo. Mphunzitsi aizima, adikira theka la mphindi, naiyatsanso, ndipo aipatsa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti idzuke. Kumbuyo kwace kuli kadzenje kolembedwa kuti Reset. Ameneko asakakhudze munthu, cifukwa kafafaniza zonse zimene mmisiri anakonza, ndipo sukulu idzataya ndalama kumuitananso kucokera ku Katete kapena ku Chipata.

Palinso njira yoyesera imene icedwa ping. Kompyuta itumiza kauthenga kakang'ono ku router, monga mlendo anena "Odi!" pakhomo, nidikira yankho. Router ikayankha, njira ya m'cipinda ili bwino, ndipo colakwa cili kunja.

Kunja kuli zinthu zingapo. Cimene anthu aiwala kawirikawiri ndi ndalama zolipiriratu: zikatha, Airtel, MTN kapena Zamtel itseka njira ngakhale makina onse ali amoyo. Kapena nsanja yeniyeniyo yaleka kugwira nchito. Mphunzitsi ayesa foni ya kampani yomweyo ali pomwepo. Nayo ikalephera, mlandu suli wa sukulu. Nthawi zina colakwa cili kutali kwambiri. Zambia ilibe nyanja yamcere, tsono mau opita kutsidya adzera m'maiko oyandikana nayo, nalowa m'zingwe zogona pansi pa nyanja. M'mwezi wa May 2024 zingwe ziwiri zotere, EASSy ndi Seacom, zinaduka kufupi ndi Durban, ndipo intaneti inabvuta m'Tanzania, m'Malawi ndi m'Mozambique. Pamenepo palibe cocita koma kudikira, ndi kupitiriza phunziro pa bolodi.

Pofunafuna colakwa, munthu asinthe cinthu cimodzi cokha, nayese, asanapite ku cina. Akasintha zitatu pamodzi sadzadziwa cimene cinaciritsa. Zonse azilembe m'kabuku: tsiku, cimene cinaoneka, ndi cimene cinacitidwa. Kabukuka kathandiza mmisiri ndi iwo a caka camawa. M'dzinja, mphezi zikayamba, makina onse azulidwe ku magetsi. Wophunzira angathe kuwerenga tiunikiro ndi kuona zingwe, koma mawaya a magetsi ndi a akuru okha. Akakayika afunse, pakuti safunsa anadya phula.

MAFUNSO

1. Kodi mau a kompyuta adzera kuti asanafike pa nsanja?
2. Kompyuta imodzi yokha ikaleka kulankhula, colakwa cingakhale pati?
3. Cifukwa ninji kompyuta ya m'manja inganyenge munthu magetsi atazima?
4. Kodi router ikayankha ping, zitanthauzanji?