Mlendo Wodza ndi Kalumo Kakuthwa: Za Makina Othandiza Kulemba

Inu amene mumalandira kalata iyi mwezi ndi mwezi, nimuiwerenga pakhonde madzulo, nimuipatsira anansi, kapena simudziwa kuti chovuta choposa zonse kwa mlembi ndicho kuyamba. Pepala likakhala loyera pa tebulo, tsiku losindikiza litayandikira, mutu umauma ngati chitsime cha mu Okutobala. Tsono tsiku lina mwana wa mlongo wanga, wophunzira ku sekondale, anandipeza nditagwira tsaya, naseka, nati: "Amalume, bwanji osafunsa makina?" Lero ndifuna kukusimbirani za makinawo, pakuti andithandiza ndithu, ndiponso andichititsa manyazi amene sindidzawaiwala.

Makinawa Azungu amawatchula AI, ndiko kunena nzeru zochita kupangidwa ndi anthu. Sakhala m'foni mwenimwenimo ayi, koma m'makompyuta aakulu a kutsidya kwa nyanja, ndipo ife timalankhula nawo pa intaneti. Amene anamveka poyamba pa dziko lonse ndi ChatGPT, amene kampani ya OpenAI ya ku America inawatulutsa pa 30 Novembala 2022. Pambuyo pake panadza ena, monga Claude ndi Gemini, ndipo mu Epulo 2024 a Meta anaika awo pa WhatsApp m'maiko angapo, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali pomwepo. Munthu ulemba funso, iwo nayankha msanga, mwaulemu, osatopa ngakhale pakati pa usiku.

Koma kodi nzeru zawo nzotani? Taganizani mwana amene wakhala pa bwalo la mfumu zaka zambiri, namva milandu yonse, nasunga kalankhulidwe ka ankhoswe ndi ka nduna. Mukamuuza kuti ayankhule ngati nkhoswe, adzayankhula bwino lomwe, miyambi ndi zining'a zonse zili m'malo mwake. Koma banja limene akulinenalo sanalionepo. Makinawa ndi otero. Anawadyetsa zolembedwa zosawerengeka, ndipo ntchito yawo ndiyo kulota mawu oyenera kutsata pa mawu amene apita. Chimene amachidziwa ndicho kamvekedwe ka nkhani yoona. Ngati nkhaniyo inachitikadi pamudzi pathu, iwo alibe maso oti aonere. Ndiponso zambiri zimene anadya nza Chingerezi, Chichewa chinali pang'ono, nchifukwa chake Chichewa chawo nthawi zina chimatsimphina ngati cha mlendo amene wangofika kumene.

Ndiyambe ndi zabwino, pakuti kubisa zabwino za mlendo nkusayamika. Ntchito yoyamba imene ndinawapatsa inali yokonza mitu ya chaka chonse. Kale ndinkayenda ngati wosaka wopanda galu, mwezi uliwonse kusinkhasinkha kuti ndilembe chiyani. Ndinawauza kuti kalata yathu ndi ya mabanja a Chikatolika a kumudzi, ili ndi masamba ochepa, ndipo ndifuna mutu umodzi pa mwezi. Madzi a tiyi asanawire, mitu khumi ndi iwiri inali pamaso panga: Lenti ndi kusala, Yosefe Woyera pa 19 Malichi, mwezi wa Amayi Maria mu Meyi, Amaritiri a ku Uganda pa 3 Juni, Kolona mu Okutobala, akufa athu mu Novembala, Adiventi ndi Khirisimasi. Zonsezi ndinali kuzidziwa kale, koma kuziona zitandandalikidwa pamodzi kunandimasula mtima, monga mlimi amene wapeza munda wake utalimidwa mizere.

Pomwepo ndinaonanso kuti mlendoyo sadziwa kwathu. Pa Adiventi anati ndilembe za usiku wautali wa chisanu, ndipo pa Pasaka za maluwa ophuka dzinja lozizira litatha. Kumeneko nku Ulaya! Kwathu Adiventi itipeza tili ndi khasu m'manja, mvula ili pamsana, tikubzala ndi kupalira. Lenti imagwa nthawi imene nkhokwe zambiri zapepuka, pamene kulalikira za kusala kwa munthu amene wagona ndi njala kumafuna nzeru ndi chifundo. Mwezi wa Amayi Maria ndi nthawi yokolola, pamene ena amagulitsa chimanga chonse naiwala za Januwale. Nditawafotokozera zimenezi, makinawo anakonza mituyo bwino, osadandaula; koma ndikadapanda kuwauza, sakadadziwa okha. Masiku a zikondwerero zosunthasuntha nawonso ndimawayang'ana pa kalendala ya Eklezia, pakuti Pasaka wa 2025 ndi pa 20 Epulo pamene wa 2026 ndi pa 5 Epulo, ndipo Lachitatu la Phulusa ndi Pentekoste zimayendera pomwepo. Kulakwa tsiku limodzi m'kalata nkuyendetsa nkhalamba ulendo wautali wopita ku tchalitchi chotseka.

Pa kuyamba nkhani, ndapeza njira imene ndiikonda koposa. Sindiwauza kuti andilembere. Ndimawauza kuti andifunse mafunso asanu pa mutu umene ndasankha. Pa nkhani ya ukwati anandifunsa kuti mabanja a kwanu amakangana pa chiyani kawirikawiri, ndiponso amathamangira kwa yani akayambana. Poyankha mafunsowo ndinaona kuti nkhani yayamba kale, ndi mawu anga, ndi anthu amene ndiwadziwa. Chiyambi cholembedwa ndi iwo chimakhala chosalala, koma chikhoza kukhala cha parishi iliyonse pansi pa thambo.

Tsono imvani za manyazi anga. Kumudzi kwina kwa parishi yathu kunamwalira mphunzitsi wokalamba, amene anatumikira mpingo zaka zambiri. Uthenga unandipeza mochedwa, mapepala atatsala pang'ono kupita kosindikiza. Ndinapatsa makina zochepa zimene ndinamva, ndi kuwauza kuti alembe mawu omukumbukira. Analemba mokoma kwambiri, koti misozi nkulengeza. Ndinawerenga mothamanga, ndinakondwa, ndinatumiza. Koma pa mzere wotsiriza iwo anali ataonjeza kuti malemuyo asiya mkazi, ana ndi adzukulu, chifukwa nkhani za maliro zimatha motero kawirikawiri. Abale anga, banja limenelo Mulungu sanalipatse mwana. Unali mtanda umene anthu awiriwo anausenza moyo wawo wonse, achibale akumuumiriza bamboyo kuti atenge mkazi wina, iye nakana chifukwa cha sakramenti la ukwati. Chimene chinali ulemu wake woposa, ine ndinachifafaniza ndi bodza limodzi losindikizidwa.

Bambo Mfumu anandiitana, ndipo sanakweze mawu. Anangondifunsa kuti pansi pa nkhaniyo palembedwa dzina la yani. Mawa lake ndinakwera njinga kupita kwa mayi wamasiyeyo. Ndinawapeza akusankha nyemba pa mphasa, kalata yathu ili pambali, itapindidwa. Ndinakhala pansi, ndinapepesa, ndipo ndinayamba kufotokoza za makina. Iwo anandidula nati: "Bambo, ine makinawo sindiwadziwa. Ndidziwa inu, ndipo inu munadyapo nsima m'nyumba muno." Ndinasowa choyankha. Kenaka anandisimbira za amuna awo kufikira dzuwa litapendeka: za ulendo wa pansi wokaphunzitsa katekisimu kutsidya kwa mtsinje, za ana a eni ake amene analeredwa pakhomopo, za mtanda wa mtengo umene bamboyo anasema yekha. Nkhani ija munaiwerenga mwezi wotsatira inachokera pa mphasa imeneyo.

Si ine ndekha amene kalumoka kanandicheka. Mu Epulo 2024 bungwe la Akatolika la ku America lotchedwa Catholic Answers linatulutsa makina oyankha mafunso a chikhulupiriro, litawaveka chithunzi cha wansembe ndi dzina la Father Justin. Makinawo anayamba kudzinenera kuti ndi wansembe weniweni, mpaka kuuza munthu mawu okhululukira machimo. Ndipo patangopita masiku owerengeka eni ake anawavula kolala ndi kuchotsa dzina la unsembelo. Chifukwa chake mawu alionse amene makina anena kuti ndi a Papa, a Woyera wakutiwakuti kapena a Malembo Oyera, ndimayamba ndawapeza ndi maso anga m'buku, ndipo za chiphunzitso zimapita kwa Bambo Mfumu zisanapite kosindikiza.

Eklezia sanatiletse makinawa. Malemu Papa Francis analemba uthenga wa nkhani imeneyi pa 24 Januwale 2024, natikumbutsa kuti nzeru za mumtima makina sangazipereke; ndipo mu Januwale 2025 ku Vatican kunatuluka chikalata chotchedwa Antiqua et Nova, chosiyanitsa nzeru za munthu ndi za makina. Papa Leo XIV, atangosankhidwa mu Meyi 2025, anauza Makadinala kuti anatenga dzinali pokumbukira Leo XIII, amene mu 1891 anatchinjiriza antchito pa nthawi ya mafakitale, popeza makina atsopanowa abweretsa mafunso onga omwewo. Tsiku lija la 24 Januwale ndi la Francis de Sales Woyera, nkhoswe ya alembi. Iyeyu, pamene anthu a ku Chablais anakana kudza kudzamva ulaliki wake, ankalemba timapepala, natilowetsa pansi pa zitseko zawo. Koma ankayenda yekha m'midzimo, m'chisanu ndi m'zoopsa.

Chatsala chimodzi chokhudza achinyamata amene ayamba kulembera miphakati ndi mabungwe awo. Zimene mulemba m'makinawa zimapita ku makompyuta a eni ake, ndipo zikhoza kusungidwa kumeneko. Musalembemo maina a mabanja amene ali pa mkangano, kapena matenda a munthu, kapena mlandu umene uli m'manja mwa ankhoswe ndi akuluakulu a mpingo.

Mwezi wa Novembala tidzalemba za akufa athu. Amene muli ndi mbale amene anatisiya chaka chino, ndipo mufuna kuti timukumbukire m'kalata muno, uzani mphunzitsi wa kwanu Okutobala asanathe. Musavutike ndi kulemba. Ndidzafika ndekha pa njinga, ndipo ndidzakuwerengerani zimene ndalemba ndisanachoke pakhomo panu.