Chisi: mapiri amene anabisa makolo athu pa Chilwa

Mukaima padoko la Kachulu, kum'mawa kwa mzinda wa Zomba, muona mapiri atatumphuka pakati pa madzi. Kumeneko ndi ku Chisi, chilumba chachikulu pa nyanja ya Chilwa, m'dera la T/A Mkumbira. Ambirife timangodziwa matemba ochokera kumeneko, koma mbiri yake ayi.

Mapiriwa ndi otsalira a phiri lomwe linaphulika kalekale. Mu 1937, katswiri wa miyala Frank Dixey ndi anzake analemba za miyala yosowa ya pachilumbachi yotchedwa carbonatite, mtundu womwewo umene ukukopa makampani a migodi ku Kangankunde m'boma la Balaka.

David Livingstone anafika pa Chilwa mu Epulo 1859. Zaka zotsatira zinali zowawa. Malonda a akapolo anakula, nkhondo zinabalalitsa midzi, ndipo Anyanja ambiri anathawira ku Chisi. Wopanda bwato sakanawafikira, ndipo pamwamba pa phiri mdani ankaonekera akadali patali. Kumtunda zinthu zinasintha mu 1895, asilikali a Atsamunda atagonjetsa mfumu Kawinga pa phiri la Chikala.

Nanga za chipembedzo? Kale, mvula ikavuta, akuluakulu a ku Chilwa ankathira nsembe ya ufa ndi mowa patsinde pa mtengo, kupempha mizimu ya makolo kuti iwapepesere kwa Chauta. Kenako Chisilamu chinafalikira pakati pa Ayao, ndipo amishoni a ku Scotland anatsegula Domasi mu 1884. Lero m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi, mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana, ndipo pamaliro onse amakhalira mphasa imodzi.

Koma madzi amene anateteza makolo aja ndi osadalirika. Chilwa ndi yosaya, ndipo palibe mtsinje wotulukamo. Inaphwa mu 1968, mu 1995, komanso mbali yaikulu mu 2018, pomwe anthu ankapita ku Chisi wapansi, mabwato atagona pamatope ong'aluka. Nyanja ikaphwa, matemba, makumba ndi milamba zimasowa, fizi ya ana nayo imasowa.

Mitsinje ya Domasi ndi Likangala, yomwe imathira mu Chilwa, imachokera kuphiri la Zomba. Ndiye thumba lililonse la makala lochokera kumeneko, mlandu wake amausenza ndi msodzi wa ku Chisi.