Dimba likauma, namsongole amapeza malo

Aliyense amene analimapo mbatata kudimba amadziwa kuti kholowa akayanga bwino, khasu limapuma. Masamba amaphimba mzere wonse, dothi la pansi limakhala lofewa ndi lachinyontho, ndipo udzu umasowa pomera. Koma chitsime chikaphwa, kholowa amafota, mzere umakhala pamtetete, dothi limang'aluka, ndipo namsongole amene kale ankalephera amamera mosavuta. Apa mlimi sanachite ulesi. Madzi ndiwo achepa.

Ndi zimene zimachitikanso m'thupi la mayi akasiya kusamba, n'chifukwa chake amayi ambiri a zaka za m'ma 50 ndi 60 amavutika ndi mkodzo wowotcha umene umapita n'kubweranso. Ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55, ndipo achipatala amati mayi wasiyadi pakatha miyezi 12 yathunthu osaona msambo. Za kutentha thupi mwadzidzidzi ndi thukuta la usiku, amayi amauzana ndithu akakumana kumjigo kapena kumvano. Za kumusi zimanenedwa monong'ona, mwinanso osanenedwa n'komwe.

Madzi a dimbali ndi homoni yotchedwa esitirojeni, imene imapangidwa m'timatumba ta mazira a mayi. Ikakhala yokwanira, khungu la m'kati mwa njira yoberekera ndi njira ya mkodzo limakhala lochindikala, lofewa ndi lonyowa. Khungulo limasunganso chakudya cha tizilombo tabwino totchedwa Lactobacillus, abale ake a tizilombo timene timasasitsa mkaka kukhala chambiko. Timeneti ndiye kholowa wathu. Timadzaza malo onse ndipo timatulutsa asidi wochititsa malowo kukhala owawasa, moti tizilombo toyambitsa matenda timasowa pokhala. Esitirojeni ikatsika, khungu limapyapyala ndi kuuma, chakudya chija chimachepa, tizilombo tabwino timatha pang'onopang'ono, ndipo kuwawasa kuja kumazilala.

Namsongoleyo sachokera kutali. Nthawi zambiri ndi E. coli, tizilombo timene timakhala m'matumbo mwa munthu aliyense popanda vuto. Kwa mayi, kotulukira chimbudzi kuli pafupi ndi kumaso, ndipo njira ya mkodzo ndi yaifupi, masentimita ngati 4 basi, pomwe ya bambo imafika pafupifupi masentimita 20. Tizilombo tikangofika pakhomo, kuchikhodzodzo ndi pompano. Komanso mwa mayi amene wabereka ana angapo, minofu yogwiriziza chikhodzodzo imatha kulefuka, mkodzo n'kumatsalira pokodza, ndipo mu wotsalawo ndi momwe tizilombo timaswana. Matenda a shuga nawo amakulitsa vutoli.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti mayi wa zaka 55 akamva kuwotcha pokodza, maganizo ake amathamangira ku chinzonono. Wina amayamba kukayikira bambo akunyumba, banja la zaka 30 n'kugwedezeka popanda mlandu. Wina amadziona wauve, n'kuyamba kudzitsuka m'kati ndi sopo, madzi a mchere, kapena kuikako zitsamba. Kumeneko ndi kuzula ndi manja ako kholowa wochepa amene watsala. Matenda a chikhodzodzo si opatsirana pogonana, ngakhale kuti kukhalira malo amodzi kumatha kukankhira tizilombo ta mayi mwiniyo m'njira ya mkodzo, makamaka pakakhala pouma mpaka kukalika. Kusamba kunja kokha ndi madzi oyera n'kokwanira.

Zizindikiro zake amayi amazidziwa: kuwotcha, kuthamangira kuchimbudzi pafupipafupi koma n'kungotuluka timadontho, mkodzo wa mbuu kapena wa fungo, kupweteka pachinena. Zikafika pa kutentha thupi, kunjenjemera, kusanza ndi kupweteka m'mbali mwa msana, ndiye kuti tizilombo takwera ku impso, ndipo munthu asagone pakhomo tsiku limenelo. Zimafanana kwambiri ndi malungo. Akakuyezani malungo n'kupeza kuti mulibe, tchulani za mkodzo musanatuluke m'chipinda cha adokotala. Kwa agogo, nthawi zina chimene abale amaona ndi kubalalika mutu kodzidzimutsa, ndipo si bwino kungoti ndi ukalamba.

Mankhwala opha tizilombo ndi khasu lopalira. Amafunika, koma khasu silisankha, limadula udzu ndi kholowa yemwe. Tsono mayi akamagula makapisozi awiri pagolosale nthawi iliyonse imene wamva kuwotcha, kapena kumwa Bactrim wotsala wa mnansi, amaonjezera dazi pamzere, ndipo tizilombo topulumukato timaphunzira kupirira. Kafukufuku wa m'zipatala za ku Malawi wasonyeza kale kuti E. coli wambiri sakumvanso Bactrim. Palinso china: kuuma kokhako kumatha kuwotcha pokodza popanda kachilombo kalikonse. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti mkodzo uyezedwe kaye, ndipo mankhwala akaperekedwa amwedwe mpaka masiku onse atha.

Matendawa akabwera kawiri m'miyezi 6, kapena katatu m'chaka chimodzi, kupalira kokha sikungathandize. Dimba likufuna kuthiriridwa. Mu 1993, madokotala Raul Raz ndi Walter Stamm anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachitika ku Israel pakati pa amayi osiya kusamba amene ankadwala mobwerezabwereza. Ena anapatsidwa mafuta okhala ndi esitirojeni oika m'njira yoberekera, ena mafuta opanda mankhwala. Oika mafuta enieniwo ankadwala pafupifupi kamodzi pa zaka ziwiri, pomwe anzawo ankadwala pafupifupi ka 6 pa chaka. Mwa ambiri a iwo, tizilombo tabwino tija tinabwerera pasanapite nthawi yaitali. Mafutawa amagwira ntchito pamalo pomwepo ndipo olowa m'magazi ndi ochepa kwambiri. Amalembedwa ndi dokotala, ndipo mayi amene anadwalapo khansa ya m'mawere ayenera kunena zimenezo poyamba. Musaope kufunsa kuti, "Adokotala, kodi vuto langali silikuchokera ku kusiya kusamba?" Funso limeneli limatha kusintha thandizo lonse.

Zina zili m'manja mwanu. Taonani mayi wogulitsa tomato pamsika: amakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osamwa madzi, chifukwa chimbudzi n'cholipira ndipo palibe womudikirira malonda. Paulendo wa basi ndi pamaliro n'chimodzimodzi. Mkodzo wosungidwa chonchi umapatsa tizilombo nthawi yoswana. Imwani madzi mpaka mkodzo uziyera, kodzani mukangomva kufuna, kodzaninso mukatha kukhala ndi bambo, ndipo podzipukuta yambirani kutsogolo kupita kumbuyo. Ngati pamauma, mafuta ofewetsa ogula ku famase amachepetsa kukalika.

Magazi okha musawatenge mopepuka. M'madera a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, komanso kuchigwa cha Shire, magazi a mumkodzo amatha kukhala likodzo, limene mwa amayi limawononganso njira yoberekera. Mankhwala ake ndi praziquantel, osati makapisozi a pagolosale aja. Ndipo mayi amene anasiya kusamba chaka chatha kapena zaka zapitazo akaonanso magazi, ngakhale kadontho pa kabudula wamkati, asaganize kuti msambo wabwerera. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Apite kuchipatala sabata yomweyo, akanene mosabisa kuti anasiya kusamba liti ndipo magaziwo wawaona liti.