Ulendo Wapansi Kuchokera ku Usisya Kukafika ku Khondowe

Mmalawi sayenda popanda chifukwa. Akalawira m'mamawa ndi kamtolo pamutu ndiye kuti akupita kumaliro, kuchipatala, kumsika kapena kukazonda abale. Makolo athu ankayenda pansi milungu yambiri kupita kumigodi ya ku Johannesburg ndi kuminda ya azungu ku Southern Rhodesia, koma chimene chinkawatulutsa m'nyumba chinali msonkho ndi umphawi. N'chifukwa chake munthu akanena kuti watenga tchuthi kuti akayende masiku asanu m'mphepete mwa nyanja ndi m'mapiri, alibe malonda ndiponso alibe mbale womudikira, anzake amayang'anizana. Ena amati ndalama zamuchulukira, ena amati mutu wayamba kusokonekera.

Kumaiko a ku Ulaya tchuthi chotere n'chofala. Munthu amalipira kampani imene imamupezera malo ogona, kumupatsa mapu ndi kumunyamulira katundu pagalimoto tsiku ndi tsiku, ndipo iye amayenda wopanda womutsogolera, kutsata zizindikiro zopakidwa pamiyala ndi pamitengo. Njira imene ndifuna kukufotokozerani, inu aphunzitsi anzanga ndi inu amene mwangotsiriza sukulu, ilibe zizindikiro zotere ndipo palibe wokunyamulirani chikwama. Woyenda m'njirayi ali ndi zomutsogolera ziwiri zokha, maonekedwe a dziko ndi pakamwa pa anthu amene akukumana nawo. Ine ndiona kuti phindu la ulendowu lagona pamenepo, pakuti zonse ziwirizi sitiziphunzira mokwanira m'kalasi.

Njirayi imayambira ku Usisya m'boma la Nkhata Bay, imalondola gombe chakumpoto kudzera ku Ruarwe, ku Tcharo ndi ku Mlowe, imakumana ndi msewu waukulu wa M1 ku Chiweta, ndipo pa Chitimba imasiya nyanja n'kukwera phiri kukafika ku Khondowe, kumene kuli Livingstonia. Munthu wamphamvu zake, wosathamanga, amatha masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Ku Usisya mungathe kufikako pamsewu wovuta wochokera ku Mzuzu, koma ndi bwino kukwera sitima ya Ilala pa Nkhata Bay. Sitimayi inapangidwa ku Scotland ndipo yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Imadutsa kamodzi pa mlungu, ndipo nthawi zina imaima kuti ikonzedwe, choncho yambani mwafunsa kudoko. Ku Usisya kulibe pokocheza sitima yaikulu. Imaima patali, ndipo anthu, matumba a chimanga, malata ndi nkhuku zimatsikira m'maboti aang'ono. Pindirani buluku, chifukwa phazi lanu loyamba paulendowu mudzaliponda m'madzi.

Mukangochoka pamchenga wa ku Usisya mudzaona chimene mabuku a Jogalafe amachitcha Rift Valley. Kalekale nthaka inang'ambika, chigawo china chinatitimira, ndipo madzi anadzaza chigwacho. Chigawo chimene chinatsala pamwamba ndicho khoma la mapiri limene likhala kudzanja lanu lamanzere masiku onse a ulendowu. M'dera lino khomali limagwera m'nyanja mwachindunji, kotero kuti pena sipapezeka ndi malo oti n'kulimapo munda wa chinangwa. Kutsetsereka kumene mukukuona pamwamba pa madzi kumapitirira pansi pa madzi. Malo akuya koposa m'nyanja yonseyi, opitirira mamita 700, ali kufupi ndi gombe lino. Popeza nyanjayi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 475 kuchokera pamlingo wa nyanja zamchere, ndiye kuti pansi pake m'potsika kuposa gombe la ku Beira ndi mamita oposa 200. Ana a Fomu 3 amalemba zimenezi pamayeso n'kukhoza, koma amene waimirira pathanthwe n'kuona madzi akusanduka obiriwira moderako pataliko pang'ono ndi mapazi ake, sadzafunanso kuziloweza.

Khoma lomweli ndilo limalamula kayendedwe kanu. Pamapu mudzi ndi mudzi zimaoneka zoyandikana, koma pakati pake pali zitunda zolowa m'nyanja, ndipo njira imakwera chitunda chilichonse n'kutsikira m'khwawa, kenaka n'kukweranso. Musawerenge ulendo wanu m'makilomita ayi, koma m'zitunda. Kuchokera ku Usisya kufika ku Ruarwe ndi ntchito ya tsiku lathunthu kwa munthu wobereka chikwama. Mudzapitiriridwa ndi amayi osenza madengu a usipa ndi ana ovala yunifomu, ndipo mudzachita manyazi pang'ono. Kwa iwo njirayi si tchuthi. Midzi yambiri ya pakati pa Usisya ndi Mlowe galimoto siifikako, ndipo wodwala amatengedwa pabwato kapena pamachira.

Tsono tifike pa wotsogolera wachiwiri. Njira zapagombe lino zimagawikana kawirikawiri, ina kupita kumunda, ina kudoko la asodzi, ina kumanda, ndipo mapu sazidziwa. Foni nayo imasowa netiweki m'makhwawa ambiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kufunsa nako kuli ndi mwambo wake. Anthu a kuno amalankhula Chitumbuka ndi Chitonga. Ambiri Chichewa amachimva, komabe mlendo amene ayamba ndi "monire" n'kutsiriza ndi "yewo" amayankhidwa ndi nkhope ina. Muyambe mwapereka moni, munene kumene mwachokera ndi kumene mukupita, ndipo pokhapo mufunse njira. Musafunse kuti, "Kodi njira ya ku Tcharo ndi iyi?" pakuti munthu waulemu angathe kuvomera pofuna kusakutsutsani. Funsani kuti, "Njira iyi ikupita kuti?" Ndipo akakuuzani kuti m'pafupi, funsani kuti iwo akanyamuka dzuwa likutuluka amafika dzuwa lili pati, kenaka muonjezepo theka la nthawiyo.

Ku Usisya ndi ku Ruarwe kuli malo ogona alendo olipira. Kupitirira apo mudzagona kumene mwapempha. Fikani pamudzi dzuwa lisanalowe, pitani kwa a mfumu kapena kwa mphunzitsi wamkulu wapasukulu, ndipo fotokozani za ulendo wanu momveka. Munthu wofika usiku, wosadziwika, wonena kuti akungoyenda, asadabwe akamukayikira. Pano ndiyenera kunena mosabisa mawu. Mwambi woti mlendo ndi mame unapangidwa kuti ulangize mwininyumba, osati kuti mlendo azidyera anthu osauka. Banja limene lakuyalirani mphasa lingathe kukupherani nkhuku imene linkasungira fizi ya mwana. Nyamulani ufa wanu, mchere, shuga, sopo ndi ndalama zing'onozing'ono, gulani nsomba pamtengo wake, ndipo pochoka siyani kanthu m'manja mwa mayi amene anakuphikirani. Nsima ya kuno ndi kondowole, ya ufa wa chinangwa, yonanda ndi yolemera m'mimba. Wozolowera nsima ya chimanga amayamba ndi kuinyoza, koma pofika tsiku lachitatu amazindikira chifukwa chake anthu okwera zitunda amaikonda.

Usiku panyanja pamaoneka mzere wa nyali ngati mzinda woyandama. Amenewo ndi asodzi a usipa, amene amakopa nsombazo ndi kuwala n'kuzikuta ndi khoka la chilimira. M'mawa mudzapeza usipawo utayanikidwa pamathandala. Masiku ena mudzaona ngati utsi wakuda ukufuka pakati pa nyanja. Si moto ayi, koma nkhungu, tizilombo touluka timene timaswana m'madzi akuya, ndipo mphepo ikatikankhira kumtunda anthu amatikola ndi malichero n'kutiumba kukhala ndiwo.

Za nyengo ndi za thanzi ndinena mwachidule. Nthawi yabwino ndi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala miyala yapagombe imatentha ngati chiwaya, ndipo m'dzinja makhwawa amadzaza mwadzidzidzi. Yendani atatu kapena anayi. Nyamulani masikito, wiritsani madzi akumwa, ndipo valani nsapato zimene mapazi anu anazizolowera kale, chifukwa nsapato zatsopano zimabala matuza tsiku loyamba lomwe. Musasambe m'madzi odekha a m'bango, mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, kapena pamathiriro a mitsinje, makamaka wa South Rukuru ku Mlowe, musanafunse eni dera za ng'ona.

Pali chiyeso chimodzi chimene chimadza miyendo ikatopa, ndicho kupempha bwato kuti likuzungulitseni chitunda. M'miyezi yozizira yomweyi ndi mmene mumaomba mphepo ya mwera, yochokera kummwera, imene imautsa mafunde aakulu pakanthawi kochepa. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mafunde pafupi ndi Florence Bay, pamene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Imeneyo inali sitima yachitsulo. Msodzi akakuuzani kuti lero nyanja siili bwino, musamukakamize ndi ndalama.

Kuchokera ku Mlowe kudzera ku Chiweta kufika ku Chitimba dziko limatambasuka pang'ono ndipo mumayenda m'mbali mwa msewu. Chigawo chimenechi n'chotopetsa, malole ndi ambiri, ndipo amene angakwere minibasi pa Chiweta sindingamudzudzule.

Tsiku lotsiriza ndilo lokwera khoma lija. Msewu wa Gorodi, umene amishoni anaulambula kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndi wa makilomita pafupifupi 15 ndipo uli ndi makona 20 okhota ngati chigongono. Oyenda pansi ali ndi tinjira tachidule todula makonawo, koma n'toimirira, ndipo tili ndi timiyala toterera. Nyamukani kusanache. Pa maola atatu kapena anayi mudzakwera mamita oposa 700, ndipo thupi lanu lidzakuuzani zimene buku limanena, kuti mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse. Pakona iliyonse cheukani. Nyanja imanka ikukula kumbuyo kwanu, ndipo kukakhala kopanda nkhungu ya fumbi mudzaona mapiri a ku Tanzania kutsidya.

Kuzizira kumeneku ndiko kumasulira mbiri ya malo amene mukupitako. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, koma malungo anapha amishoni angapo, ndipo mu 1881 inasamukira ku Bandawe. Nako kunali kunyanja ndipo malungo sanaleke. Mu 1894 Dr Robert Laws anasankha Khondowe. Nthawi imeneyo kunali kusanadziwike kuti malungo amafalitsidwa ndi udzudzu, pakuti Ronald Ross anatsimikiza zimenezi mu 1897. Anthu ankaganiza kuti matendawa amachokera mumpweya woipa wa m'madambo. Maganizowo anali olakwika, koma anawatsogolera kumalo oyenera, chifukwa kumtunda kozizira udzudzu umachepa. Mukafika pamwamba thukuta litauma ndi kamphepo, mudzamvetsa chisankho chimenecho kuposa mmene ine ndingachifotokozere pabolodi. Mudzaganiziranso za anthu amene anasenza pamutu katundu wa mishoni kuchokera kunyanja msewu usanakhalepo, amene maina awo sitiwaphunzitsa.

Musanafike pamishoni mudzamva mkokomo wa mathithi a Manchewe, amene amagwa mamita pafupifupi 125. Kuseri kwa madziwo kuli phanga limene Aphoka ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni. Ana a m'deralo amadziwa kanjira kotsikirako, ndipo apa ndi pamalo pamodzi pamene ndikulangizani kuti mulole wina akutsogolereni, chifukwa miyala yake ndi yonyowa ndipo phompho lili pafupi.

Pa Khondowe khalanipo tsiku lathunthu. Nyumba ya miyala imene Dr Laws ankakhalamo, yotchedwa Stone House, tsopano imasunga zinthu zakale. Pafupi nayo pali njerwa zoyalidwa pansi zolozera vesi ya m'Baibulo, Aefeso 2:14. Mu Malichi 1959, boma litalengeza za ngozi m'dziko, ndege inaponya uthenga wofunsa ngati azungu apamishoni afuna kuchotsedwa. Yankho lawo, loti woyendetsa ndege aliwerenge ali m'mwamba, linali vesi imeneyo, yonena za kugumulidwa kwa khoma lolekanitsa anthu, ndipo sanachoke. Sukulu za paphiri pano zinaphunzitsa Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la antchito akuda ku Cape Town mu 1919, ndi Levi Mumba, mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Panaphunziranso Legson Kayira, mnyamata amene atatsiriza sukulu ananyamuka wapansi mu 1958 kukafuna maphunziro ku America, nafika ku Khartoum patapita zaka ziwiri. Mbiri yake anailemba m'buku lotchedwa I Will Try, limene linatuluka mu 1965. Amene mwayenda masiku asanu okha mudzaliwerenga ndi ulemu wina.

Amene miyendo idakalipo angathe kukwera phiri la Chombe, limene limayang'ana nyanja chakummwera kwa mishoni, n'kubwerako tsiku lomwelo. Kumadzulo kuli njira ya masiku atatu yopita ku Chelinda pamwamba pa Nyika, koma imeneyo imalowa m'nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo simuloledwa kuyendamo popanda msilikali wa zanyama. Ulendo woyenda nokha umathera pa Khondowe. Potsika kubwerera ku Chitimba dulani ndodo, ndipo tsatani msewu m'malo mwa tinjira tachidule tija, pakuti maondo otopa amavutika potsika kuposa pokwera. Mukanyamuka m'mawa mudzapeza basi ya ku Mzuzu dzuwa lisanapendeke.